Mwatsitsa pulogalamu ya sayansi koma ikukana kutseguka: chikuchitika n'chiyani?

Mapulogalamu ambiri amene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku savuta kuika pa kompyuta. Mumadina kawiri, mumavomera zimene akufunsani, basi yalowa. Mapulogalamu amene asayansi amayerekezera nawo zinthu monga nyengo, madzi a pansi pa nthaka kapena kugundana kwa mamolekyu, nthawi zambiri sabwera choncho. Mukafika pa tsamba lake mumapeza mafayilo a mayina ngati model-6.4-linux.tar.gz, model-6.4-win64.zip, model-6.4-macarm.zip ndi model-6.4-src.tar.gz, ndipo palibe wokuuzani kuti yanu ndi iti.

Mukasankha imodzi n'kuitsitsa, mutu umayamba kuwawa. Wina amamasula fayilo n'kupeza kuti m'kati mwake muli inanso yofuna kumasula. Wina kompyuta imamuuza kuti alibe chilolezo. Wa MacBook amauzidwa kuti wopanga pulogalamuyo sakudziwika, wa Windows amauzidwa kuti dzina la fayilo latalikitsa. Ambiri amafika poganiza kuti fayilo ndi yowonongeka, kapena kuti iwowo ndiye mbuli pa kompyuta. Kawirikawiri zonse ziwirizi sizoona. Fayilo iliyonse yotere imanyamula zizolowezi za kompyuta imene inapangidwirapo, ndipo ikafika pa kompyuta ya zizolowezi zina, zinthu zimawombana.

Mapulogalamu ake ndi ati, ndipo anakulira kuti

Pulogalamu yoyerekezera, imene asayansi amangoti model, imatenga masamu ofotokoza chinthu china cha m'chilengedwe n'kumawawerengera mobwerezabwereza kuti ione zimene zingachitike nthawi ikamapita. WRF, imene inatuluka koyamba mu 2000 ndipo imasamalidwa ndi bungwe la NCAR ku United States, imalosera nyengo. MODFLOW ya bungwe la USGS ilipo kuyambira 1984 ndipo imawerengera madzi a pansi pa nthaka. EPANET imatsatira madzi oyenda m'mapaipi, HEC-RAS imatsatira madzi a m'mitsinje ndi kusefukira kwake, pomwe GROMACS, imene inayambira ku yunivesite ya Groningen, imalondola mamolekyu.

Ambiri mwa mapulogalamuwa analembedwa ndi asayansi eniake, kwa zaka makumi angapo, ndipo ochuluka ali m'chilankhulo cha Fortran chimene John Backus ndi anzake ku IBM anatulutsa mu 1957. Olembawo ankadziwa kuti wolandira ndi mnzawo wa ku labotale ina, wozolowera kulemba malamulo pa terminal, zenera lolamulira kompyuta polemba mawu, ndiye sankataya nthawi kukonza mabatani okongola.

Apa mpamene operating system, kapena OS mwachidule, imalowera. Imeneyi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse: imasunga mafayilo, imagawa memori, ndipo imalola kapena kuletsa mapulogalamu ena kugwira ntchito. Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, imatsatira machitidwe a Unix ya ku Bell Labs ya mu 1969. Kuyambira 2001, OS ya makompyuta a Apple nayo yakhala pa maziko a mtundu wa Unix, choncho macOS ndi Linux ndi pachibale. Windows ndi ya fuko lina, ndipo zizolowezi zake zingapo inazitenga ku MS-DOS ya mu 1981. Kuyambira Novembala 2017, makompyuta onse 500 othamanga kwambiri pa mndandanda wa TOP500 amayendera Linux, ndiye n'zosadabwitsa kuti ma model akuluakulu amamva bwino kumeneko. Koma pali ena opendekera mbali inayo: HEC-RAS inakulira pa Windows, ndipo wa Linux ndi amene amavutika nayo.

Kumanga mtolo ndi kufinya ndi ntchito ziwiri

Model imodzi ikhoza kukhala ndi mafayilo zikwi zingapo m'mafoda osanjikizana. Kuti iyende pa intaneti pamafunika zinthu ziwiri: kuimanga kukhala mtolo umodzi, ndi kuufinya mtolowo kuti uchepe. Zili ngati munthu wosamuka nyumba. Kulongedza katundu yense m'katoni imodzi ndi ntchito ina, kuponderezera zovala kuti zitenge malo ochepa ndi ntchito inanso.

Pa Unix ntchito ziwirizi zinapatsidwa kwa mapulogalamu awiri. Wa tar, amene anabwera mu 1979 posungira mafayilo pa matepi, amangomanga mtolo osafinya chilichonse. Wofinya woyamba kutchuka anali compress, wa mafayilo othera ndi .Z, koma njira yake ya LZW inali ndi umwini wa kampani ya Unisys. Pothawa vuto limenelo, Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anatulutsa gzip mu 1992. Ndiye mukaona .tar.gz kapena .tgz, dziwani kuti ndi mtolo wa tar umene wafinyidwa ndi gzip. Ya .tar.bz2 ndi .tar.xz ndi chimodzimodzi, wofinya yekha ndiye wasintha, ndipo amenewa amachepetsa kwambiri koma amatenga nthawi yaitali pofinya.

Zip, imene Phil Katz anatulutsa mu 1989, imachita ntchito zonse ziwiri koma motembenuza: imafinya fayilo iliyonse payokha, kenako n'kuziika pamodzi. N'chifukwa chake mu zip mungasolole fayilo imodzi osakhudza zinazo, pomwe tar.gz nthawi zambiri imachepa kuposa zip mafayilo akakhala ambiri ofanana, chifukwa wofinya amaona zobwerezabwereza za mu mtolo wonse. Kufinyako sikutaya kanthu. Pulogalamu ikapeza chidutswa chimene chabwerezedwa imangolemba kuti “onani kumbuyoku”, ndipo zizindikiro zopezeka kawirikawiri imazipatsa manambala afupiafupi. Nzeru zimenezi ndi za Abraham Lempel ndi Jacob Ziv mu 1977, ndiponso David Huffman mu 1952.

Pa Linux ndi macOS lamulo lake ndi tar -xzf model.tar.gz. Chilembo x chikutanthauza kumasula, z ndi gzip, ndipo f ikunena kuti dzina la fayilo likubwera. Mukaika t m'malo mwa x, mumaona zimene zili m'kati osamasula, ndipo ndi bwino kutero kaye, chifukwa mitolo ina ilibe foda yakeyake ndipo imangomwaza mafayilo mazanamazana pamene mwaimapo. Windows 10 inayamba kubwera ndi lamulo la tar mu 2018, ndipo Windows 11 inayamba kutsegula mitolo ya tar ndi 7z mu File Explorer mu 2023. Ogwiritsa ntchito 7-Zip, pulogalamu ya Igor Pavlov ya mu 1999, nthawi zambiri amamasula kawiri: koyamba kumatuluka fayilo ya .tar, kachiwiri mafoda enieniwo. Safari, browser ya pa Mac, nayo imatha kuchotsa yokha chikuto cha .gz ikangomaliza kutsitsa, ndipo munthu amadabwa kuona dzina la fayilo likusiyana ndi lolembedwa m'malangizo.

Msampha wina ndi wa pa Windows. Mukadina kawiri fayilo ya zip, imaoneka ngati foda yatseguka, koma sinamasulidwe, mwangosuzumira m'kati. Mukadina pulogalamu ili momwemo, Windows imaitulutsa yokhayokha kupita ku malo ongoyembekezera, n'kusiya mafayilo ena onse amene imadalira. Pulogalamu imaphethira kamodzi n'kuzima. Dinani Extract All kaye.

Zimene zimatayika m'njira

Gawo ili ndi limene limadya nthawi ya anthu ambiri, chifukwa kumasula kumaoneka ngati kwayenda bwino pomwe china chatsalira.

Pa Unix, fayilo iliyonse ili ndi zizindikiro zonena amene angaiwerenge, amene angaisinthe, ndiponso ngati ingayendetsedwe ngati pulogalamu. Mtolo wa tar umasunga zizindikirozi. Zip yopangidwa pa Windows nthawi zambiri ilibe, ndipo ngakhale tar yabwinobwino ikamasulidwira pa Windows kenako mafayilo n'kukoperedwa ku seva ya Linux, zizindikiro zimasokonekera. Zotsatira zake ndi uthenga woti “Permission denied”. Ambiri akauona amathamangira sudo, lamulo lopereka mphamvu zonse za mwini kompyuta, chikhalirecho chofunika ndi chmod +x model basi. Kumasula model kapena kuimanga (kusandutsa khodi yake kukhala pulogalamu yoyenda) ndi sudo kumangobala vuto lina, chifukwa mafayilo nthawi zambiri amakhala a root, akaunti ya mphamvu zonse ija, ndipo inu simungathenso kuwasintha popanda sudo.

Unix ilinso ndi mafayilo olozera, ma symbolic link, amene ntchito yawo ndi kungonena kuti fayilo yeniyeni ili uko. Ma model ambiri amawagwiritsa ntchito kuti tebulo limodzi la manambala lioneke m'mafoda angapo. Pa Windows, kupanga fayilo yotere kumafuna chilolezo chapadera, ndiye mapulogalamu omasulira ena amangoidumpha, ena amasiya kafayilo kakang'ono kolembedwa dzina la kumene inkaloza. Model imayamba bwinobwino, n'kudzagwa ikafika powerenga tebulo lija.

Palinso nkhani ya mathero a mzere, imene inachokera ku makina akale otumizira mauthenga olembedwa. Makina amenewo ankafuna malamulo awiri kuti ayambe mzere watsopano: lina lobweza mutu wolembera kumanzere, lotchedwa CR, lina lokweza pepala, lotchedwa LF. Windows inasunga onse awiri. Unix inasunga LF yekha. Makompyuta a Apple akale, mpaka Mac OS 9, ankagwiritsa ntchito CR yekha. Zizindikirozi sizioneka ndi maso. Tiyerekeze kuti fayilo ya malamulo ikuyamba ndi mzere woti #!/bin/bash, ndipo wina waisinthako pa Windows n'kuisunga. Linux ikamawerenga imaona dzina la bash, pulogalamu yoyendetsa malamulowo, lili ndi CR kumapeto, imafufuza pulogalamu ya dzina limenelo, siipeza, ndipo imadandaula kuti “bad interpreter”, nthawi zina ikusonyeza ^M pambali. Munthu amayang'anitsitsa mzerewo n'kuona kuti walembedwa bwino, ndipo walembedwadi bwino. Pulogalamu ya dos2unix imathetsa zimenezi m'kanthawi kochepa.

Choopsa kwambiri ndi pamene pulogalamu ina ikufuna kukuthandizani posintha mathero a mizere yokha. FTP, njira yotumizira mafayilo ya mu 1971 imene mabungwe ofufuza anaidalira zaka zambiri, ili ndi makonzedwe awiri: ASCII, ya zolembedwa, ndi binary, imene sisintha kanthu mu fayilo. Mtolo wofinyidwa ukatsitsidwa mwa ASCII, nambala iliyonse yooneka ngati mathero a mzere imasinthidwa ndipo mtolo wonse umafa. Chrome ndi Firefox anasiya FTP mu 2021, koma mzimu womwewo ukadalipo m'mapulogalamu ena omasulira ndiponso m'makonzedwe a pa Windows a Git, pulogalamu yosungira khodi ndi mbiri ya kusintha kwake. Ngati zosinthidwazo ndi mafayilo a manambala a model, mwina simulandira chenjezo lililonse.

Zilembo zazikulu ndi zazing'ono nazo zimasiyanitsa mafuko. Kwa Linux, Input.dat ndi input.dat ndi mafayilo awiri osiyana. Kwa Windows, ndiponso kwa macOS monga imakhalira poigula, ndi fayilo imodzi. Mu Fortran nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa fayilo yothera ndi .F90 imayenera kudutsa kaye mu pulogalamu yokonza khodi, pomwe ya .f90 imapita mwachindunji kwa compiler, pulogalamu yosandutsa khodi kukhala malamulo a makina. Ngati model imapanga ya .f90 kuchokera ku ya .F90 ya dzina lomwelo, pa Mac kapena Windows yatsopano imafufuta yoyambayo. Mbali inayo, model yolembedwa pa Windows ikhoza kuitana Input.dat pomwe fayilo ndi input.dat, n'kumagwira ntchito zaka zambiri popanda wodziwa, mpaka tsiku lopita ku Linux.

Zotsalazo tizitchule mwachangu. Mapulogalamu ambiri a Windows amakanika dzina la fayilo pamodzi ndi mafoda ake onse likapitirira zilembo 260. Mayina ngati CON, PRN, AUX ndi NUL anasungidwira zipangizo kuyambira nthawi ya DOS, ndiye kwa zaka zambiri fayilo yonga aux.f90 yakhala ikukana kumasuka pa Windows. Mipata m'mayina a mafoda imasokoneza malamulo ambiri akale. Mavuto a kutalika kwa dzina ndi a mipata amachepa mukamasulira model m'foda ya dzina lalifupi lopanda mpata, monga C:\models. Foda ya __MACOSX ndi timafayilo toyamba ndi ._ ndi zinyenyeswa za Mac, ndipo sizivuta pokhapokha model itaziwerenga ngati mafayilo a manambala.

Yomangidwa kale kapena khodi

Zimene wasayansi amalemba mu Fortran kapena C ndi khodi yowerengeka ndi munthu. Purosesa siimva zimenezo. Pamafunika compiler, pulogalamu yosandutsa khodiyo kukhala malamulo a makina, ndipo chotulukacho chimatchedwa binary. Fayilo yolembedwa src kapena source ndi khodi yofuna kuti mumange nokha. Yolembedwa win64, linux kapena mac ndi yomangidwa kale.

Binary imamangidwira OS imodzi ndi mtundu umodzi wa purosesa. Windows imasanja mapulogalamu ake mwa njira yotchedwa PE, Linux mwa ELF, macOS mwa Mach-O, ndipo palibe imene imawerenga ya inzake popanda mkhalapakati. Purosesa nazo zili m'magulu: za Intel ndi AMD ndi za x86-64, pomwe Apple, kuyambira pa M1 mu Novembala 2020, inasamukira ku ARM. N'chifukwa chake masiku ano pamakhala mafayilo awiri a Mac. Yomangidwira Intel imatha kuyenda pa Mac yatsopano kudzera mwa mkhalapakati wotchedwa Rosetta 2, koma ya ARM siyenda pa Mac yakale. Pa Linux ndi Mac, lamulo la uname -m limakuuzani gulu lanu: x86_64, kapena arm64 ndi aarch64.

Ngakhale mutasankha yoyenera, binary siima payokha. Imadalira ma library, zidutswa za khodi zogawana mapulogalamu ambiri. Pa Windows uthenga wake ndi wa DLL yosowa, ndipo DLL ndi dzina la ma library kumeneko. Pa Linux wotchuka ndi wa library yaikulu ya OS, woti GLIBC yakuti “not found”, kutanthauza kuti pulogalamu inamangidwa pa Linux yatsopano kuposa yanu.

Kumanga nokha kumachotsa mavuto amenewa n'kubweretsa ena. WRF imafuna compiler ya Fortran ndi ya C, library ya netCDF yosungira manambala, ndiponso MPI ngati mukufuna kugawa ntchito ku mapurosesa ambiri. Zonsezi ziyenera kumangidwa ndi ma compiler a banja limodzi. NetCDF yomangidwa ndi gfortran, compiler ya Fortran ya banja la GCC, siigwirizana ndi model yomangidwa ndi compiler ya Intel. Ma compiler nawo amasintha khalidwe: GCC 10 itatuluka mu 2020, gfortran inayamba kukana kalembedwe kena kamene kale inkangokalola, ndipo khodi yambiri yakale inasiya kumangika mpaka anthu atawonjezera -fallow-argument-mismatch pa lamulo lomangira. Khodi sinasinthe chilembo n'chimodzi chomwe. Ubwino wa njira yovutayi ndi woti pulogalamu imamangidwa mogwirizana ndi makina anu, ndipo mungathe kuwerenga ndi kusintha masamu ake, chinthu chimene pa kafukufuku n'chofunika kwambiri.

Kodi yafika yonse, ndipo ndi yeniyeni?

Intaneti ikadukiza, fayilo imatha kutsala theka koma dzina lili lonse. Uthenga wake ndi “unexpected end of file”. Nthawi zina chimene mwatsitsa si mtolo n'komwe, ndi tsamba lofunsa kuti mulowe ndi dzina lanu, limene lasungidwa ndi dzina la mtolo. Fayilo yoyenera kukhala ya mamegabaiti mazana ikakhala ya makilobaiti ochepa, vuto ndi limenelo. Pa mafayilo aakulu, wget -c imapitiriza pamene inalekezera m'malo moyambiranso.

Chotsimikizira ndi checksum, nambala yaitali yowerengedwa kuchokera ku zonse zili mu fayilo. Kanthu kamodzi kakasintha, nambala yonse imasintha. MD5 ya Ronald Rivest ndi yakale, ndipo kuyambira 2004 zinadziwika kuti munthu angapange mafayilo awiri osiyana a nambala imodzi, choncho imangothandiza kugwira ngozi za m'njira. Yodalirika masiku ano ndi SHA-256, ya zizindikiro 64. Pa Linux lembani sha256sum, pa Mac shasum -a 256, pa PowerShell, terminal ya Windows, Get-FileHash, kenako yerekezani ndi nambala imene eni pulogalamu alemba.

Pa GitHub, tsamba limene ambiri amasungirapo ndi kugawirapo khodi, pali msampha wakewake. Pansi pa mtundu uliwonse wotulutsidwa pamakhala mafayilo olembedwa “Source code” amene GitHub imapanga yokha, ndipo amenewa satenga zigawo za khodi zosungidwa kwina, zotchedwa ma submodule. Mtolo umamasuka bwino koma mafoda ena amakhala opanda kanthu. Ngati eni ake aikapo mtolo wawo, tengani umenewo. Mu Januwale 2023 GitHub inasintha kafinyidwe ka mitolo yodzipangira yokhayi, ma checksum anasintha ngakhale khodi inali yomweyo, ndipo ntchito za anthu ambiri zinaima mpaka kusinthako kutabwezedwa.

Machenjezo a Gatekeeper pa Mac ndi SmartScreen pa Windows, zida zachitetezo za ma OS amenewa, amabwera chifukwa fayilo yochokera pa intaneti imaikidwa chizindikiro chobisika. Apple inakhwimitsa zinthu mu 2019 ndi macOS Catalina, pofuna kuti mapulogalamu azikhala osainidwa ndi opimidwa ndi kampaniyo. Magulu ang'onoang'ono a asayansi ambiri sachita zimenezi, chifukwa zimafuna ndalama ndi nthawi. Chenjezolo silikunena kuti pulogalamu ndi yoipa, likungonena kuti OS siikudziwa mwini wake. Komabe si lopanda pake, ndipo musanalilambalale onetsetsani kuti mwatsitsa pa tsamba la eni ake. Checksum nayo ili ndi malire. Mu Marichi 2024 Andres Freund anapeza khodi yachinyengo yobisidwa mu XZ Utils 5.6.0 ndi 5.6.1, pulogalamu yomwe ija yofinyira mafayilo a .xz. Mitolo yake inali yovomerezeka, yotulutsidwa ndi mmodzi wa osamalira ntchitoyo, ndipo checksum ikanagwirizana bwinobwino. Mbali ina ya chinyengocho inali mu mtolo wotsitsidwa wokha, osati m'khodi imene anthu ankaiona pa Git.

Njira zolambalala

Popeza mavutowa ndi akale, njira zowazemba zilipo zingapo. WSL, imene Microsoft inabweretsa mu 2016, imaika Linux m'kati mwa Windows, ndipo imathandiza kwambiri malinga mwamasulira mitolo mbali ya Linux osati m'mafoda a Windows. Conda, Spack ndi EasyBuild amatsitsa pulogalamu pamodzi ndi ma library ogwirizana nayo. Ma container, monga Docker ya mu 2013, amanyamula model pamodzi ndi ma library ndi mafayilo a OS amene inamangidwira. Oyang'anira makompyuta akuluakulu ogawana anthu ambiri sakonda Docker chifukwa cha mphamvu zimene imafuna, ndiye kumeneko mumapeza Singularity, imene nthambi yake ina inasintha dzina kukhala Apptainer mu 2021. Iliyonse ili ndi mtengo wake. Container imatha kulemera magigabaiti angapo, imamangidwirabe mtundu umodzi wa purosesa, ndipo ikavuta munthu amene sanaonepo zam'kati mwake sadziwa poyambira.

Yatseguka, koma kodi yankho ndi lomwelo?

Kwa wasayansi, pulogalamu yokana kutseguka ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi yotseguka n'kupereka yankho lolakwika mwakachetechete. Mu 2019 ofufuza a ku University of Hawaii anapeza kuti timapulogalamu ta Python totchuka pakati pa akatswiri a chemistry, tofalitsidwa mu 2014, tinkapereka mayankho osiyana pa makompyuta osiyana. Tinkafunsa OS mndandanda wa mafayilo n'kuganiza kuti ubwera wosanjidwa motsatira zilembo. Pa ma OS ena unkabweradi choncho, pa ena ayi, ndipo manambala ankaphatikizidwa ndi mafayilo olakwika popanda chenjezo.

Palinso kusiyana kumene si kulakwa kwa aliyense. Kompyuta imasunga manambala a madesimolo m'malo owerengeka okha, ndiye kuphatikiza manambala atatu m'ndondomeko ina kumatha kusiyana pang'ono kumapeto kwenikweni. Compiler ina, purosesa ina, kapena kugawa ntchito ku mapurosesa 16 m'malo mwa 8 kumasintha ndondomekoyo. Pa ma model ambiri kusiyanako sikuoneka. Pa nyengo kumakula. Mu 1961 Edward Lorenz anabwereza kuwerengera kwake atalemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, ndipo patapita nthawi nyengo yoyerekezerayo inasiyaniratu ndi yoyamba. N'chifukwa chake ma model abwino amabwera ndi foda ya zitsanzo pamodzi ndi mayankho ake oyembekezeka. Anthu ambiri amaidumpha foda imeneyi pothamangira ntchito yawo, koma ndi yokhayo imene ingakuuzeni ngati kutsitsa, kumasula ndi kumanga zonse zayenda bwino.

Zimene sizinagwirizanidwebe

Funso loyamba ndi la udindo. Ena amati gulu lopanga model liyenera kupereka binary ya OS iliyonse, yosainidwa, kuti wophunzira asathe masabata akulimbana ndi compiler. Ena amayankha kuti magulu amenewa ndi ochepa anthu, ndalama zawo ndi za kafukufuku, ndipo binary iliyonse yowonjezera ndi katundu woti azisamalira zaka zambiri.

Lachiwiri ndi loti “yankho lomwelo” likutanthauza chiyani. Pali ofuna kuti manambala afanane mpaka malo omaliza, zimene zimatheka pokhapokha makina, compiler ndi makonzedwe zili zofanana, ndipo nthawi zina zimachedwetsa pulogalamu. Pali ena okhutira ngati kusiyanako kuli m'malire ovomerezeka a masamu, koma malirewo amaika ndani pa model iliyonse?

Lachitatu ndi la nthawi. Container yomangidwa lero idzatsegukabe zaka 20 zikubwerazi, mapurosesa atasinthanso monga zachitikira ndi ARM? Kapena chosungika bwino ndi khodi yokha pamodzi ndi malangizo omangira, podziwa kuti ma compiler nawo amasintha? Palinso ofuna kuti ma model aziyendetsedwa pa maseva a kutali kudzera mu browser, munthu asatsitse chilichonse. Zimenezi zimachotsa mavuto onse a kumasula, koma zimafuna intaneti yodalirika ndi wolipira masevawo, ndipo wofufuza saonanso bwinobwino kuti ndi mtundu uti wa khodi umene wawerengera manambala ake.

Nkhani ya XZ inasiyanso funso limene mapulojekiti ambiri akukambiranabe: kodi mtolo wokonzedwa ndi munthu pa kompyuta yake ukhalebe njira yovomerezeka yogawira khodi, kapena uzipangidwa ndi makina kuchokera ku Git m'njira yoti aliyense angabwereze n'kupeza checksum yomweyo? Njira yachiwiriyi imatseka mpata umene unagwiritsidwa ntchito mu 2024, koma zimene zinachitika pa GitHub mu 2023 zinasonyeza kuti mtolo wopangidwa ndi makina nawo umatha kusintha pamene chida chofinyira chasinthidwa.